Penti Wobiriwira wa Khitchini ya Make Afaf

Amman, 9 Okutobala 1987

Okondedwa Make Afaf,

Ndayamba ndi moni wochokera pansi pa mtima. Ine kuno ndili bwino, Mulungu atamandike, kaya inu ndi ana athu Afaf ndi Naglaa. Mundipsompsonere dzanja la amayi. Moni wapadera kwa achimwene Hefni, poti ndiwo akukuwerengerani kalatayi monga mwa masiku onse, ndiwonso adzandilembere yankho lanu. Achimwene, Mulungu akusungireni maso.

Kalata yanu ndinailandira Lachiwiri. Za nsapato za Naglaa ndamva, za njati yathu ya mkaka kuti ikudwala ndamvanso. Koma mzere womaliza wandisokoneza. Mwati, "Khitchini yada. Mutisankhire penti wobiriwira." Basi. Zaka zitatu ndili kuno ndikupenta nyumba za anthu, simunandifunsepo za penti ngakhale tsiku limodzi.

Yada bwanji? Khitchini imeneyo ndinamanga ndi manja angawa. Zenera lake ndinalikulitsa dala mpaka amayi anandinyoza kuti ndikumanga sitolo. Limayang'ana kum'mawa, dzuwa limalowa mpaka pa mtsuko wa madzi, ndipo mukaima posenda anyezi mumaona munda wonse kukafika ku mitengo ya kanjedza ya kungalande. Nanga wobiriwira wa m'chitini mukumufuniranji pamene wa Mulungu amalowa yekha pazenera? Mundiyankhe pamenepa.

Ine ndikuganiza kuti ndi mwaye. Sitovu ya parafini ija inayamba kufuka ndisanachoke. Ndiye chitani izi. Tsukani makoma ndi madzi otentha ndi sopo, muwasiye aume masiku awiri. Achimwene akapita ku Tahta akagule penti wa mafuta, osati wa madzi, chifukwa wa madzi sapirira nthunzi. Mtundu wake ndapaka pa kapepala kali mu envelopu muno, wobiriwira ngati tsamba la nzimbe. Mwini sitolo asakanize mpaka zifanane. Zitini ziwiri zikwana, ndalama yake ili m'gulu la zomwe ndatumiza.

Kuno ntchito ilipo. Bwana wathu Abu Samer wapeza nyumba yaikulu kumtunda kwa anthu olemera, titha miyezi tili pomwepo. Tikugona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi. Usta Girgis, mmisiri wachikulire wa ku Minya amene anandiphunzitsa kugwira bulashi, akupereka moni. Nditamuwerengera mzere wanu uja anati, "Shehata, mkazi wako wayamba liti kukonda penti?" Ndinati kaya. Iye anangoyatsa fodya wake n'kumandiyang'ana. Mkuluyu amakonda kusiya nkhani panjira.

Ndine mwamuna wanu,
Shehata


Amman, 20 Novembala 1987

Make Afaf,

Moni kwa nonse, kuyambira amayi mpaka nkhuku. Ine ndili moyo, kachifuwa kokha ka fumbi la makoma. Ndasangalala kumva kuti njati yadzuka.

Za khitchini zandibalalitsa mutu. Mwati penti wa nzimbe uja atauma waoneka ngati matope a m'ngalande, ndipo mdima ukadalipo. Sizingatheke. Mtundu womwewo ndinapaka m'nyumba ya dokotala wina kuno, mkazi wake mpaka anaitana anzake kudzaona. Kapena wa sitolo anakuberani, anathiramo wakuda? Achimwene, munafananitsa ndi kapepala kaja panja padzuwa, kapena m'kati mwa sitolo? Anthu amene aja amakonda kugulitsira mumdima.

Funso langa simunayankhe. Ndinafunsa kuti mdimawo ukuchokera kuti, inu mwangobwereza kuti kwada. Ndagona nalo, ndadzuka nalo, ndiye ndakumbukira mtengo wa mabulosi umene ndinabzala kuseri kwa zenera chaka chomwe Naglaa anabadwa. Pochoka ine unali wondifika m'chifuwa. Kapena wakula n'kutseka dzuwa? Ngati ndi choncho sadzani nthambi zake, musaumvere chisoni.

Ine kuno sindinangokhala. Ndinatenga zidutswa zisanu za katoni, chilichonse ndi wobiriwira wakewake, n'kukaziimika m'bafa mwathu momwe mulibe zenera. Ndinatseka chitseko n'kukhala pansi kumayang'ana. Anzanga anagogoda mpaka kutopa. Wina anakuwa kuti, "Iwe Shehata, ngati wabisa mkazi wachiwiri m'menemo mutulutse timuone!" Nditatuluka ndi makatoni anga, Usta Girgis anati, "Taonani, anthu amalowa ndi m'mimba, uyu watuluka ndi munda."

Chomwe ndapeza n'chakuti wobiriwira ndi mtundu wachinyengo. Padzuwa ndi wina, pamthunzi ndi wina, pansi pa babu ndi winanso. Mumdima amafa msanga, amasanduka phulusa. Amene anapirira ndi wotuwirako, ngati m'kati mwa nkhaka, ndiye ndatumizayu. Mupake kawiri, ndipo kudenga musiye koyera.

Anzathu awiri a m'chipinda sitili nawonso. Anakumana ndi apolisi pokwera basi mapepala awo atatha. Za ine musade nkhawa, Abu Samer akuti chitupa changa chili kwa munthu amene akuchikonza. Achimwene, ndime iyi musawawerengere amayi.

Wanu,
Shehata


Amman, 15 Januwale 1988

Make Afaf,

Mtendere ukhale nanu nonse. Achimwene, mukaona zilembo zokhota musadabwe, ndikulemba dzanja lili m'nsalu. Ndinatsika makwerero mofulumira kuposa mmene ndinkafunira. Si nkhani yaikulu. Kuno kukuzizira koopsa, sabata yatha kunagwa chipale, penti akutenga masiku atatu kuti aume, ife tikugona ndi majekete.

Ndiye wa nkhaka uja wakanikanso. Mwati khitchini yaoneka ngati chipinda cha odwala, Afaf akukana kudyeramo. Za mtengo mwayankha mawu atatu okha, "Mtengo kulibenso tsopano." Unauma? Munaudula? Anadula ndani? Nanga ngati kulibe, dzuwa likutsekedwa ndi chiyani?

Mzere umene wandisowetsa mtendere ndi uwu. Mwati mumayatsa nyale masana kuti muone ngati mpunga wapsa. Ndikudziwa kuti magetsi a kwathu amabwera pamene afunira, koma Make Afaf, masana a kwathu munthu n'kuyatsa nyale? Ndayamba kuopa kuti vuto si khoma, ndi maso anu. Azakhali anu aja anayamba chonchi, ankati kunja kwachita mitambo pamene kuli ngwee. Achimwene, ndapota nanu, mupite nawo ku Sohag kwa dokotala wa maso, musadikire kuti kudula nzimbe kuthe. M'katundu amene ndapatsira dalaivala wina wobwera kumeneko muli kabotolo ka mankhwala, madontho awiri m'mawa ndi madzulo.

Za mtundu ndafunsa anthu atatu, ndipo ndalapa. Mayi wa nyumba yomwe tikupenta, munthu wophunzira, woyendayenda maiko, anati, "Mmisiri, chipinda chamdima usalimbane nacho. Chipatse wobiriwira wozama, wolemera, chioneke ngati chinafuna chokha." Wa sitolo ya penti kumsika wakumunsi anati imeneyo ndi misala ya anthu olemera, ndithiremo wachikasu wambiri, khoma liziyesa laona dzuwa. Usta Girgis anati, "Onse awiri akunena zoona, ndipo onse awiri khitchiniyo sanaione. Iwenso sunaione." Ndinati ndinamanga ndine. Anati, "Unamanga ya zaka zitatu zapitazo."

Ndaphatikiza nzeru za awiri oyambawo. Kapepala aka ndi wobiriwira wa therere la denje lophika kumene, wozama koma wa kachikasu. Akakanika ameneyu, ine kaya.

Achimwene, ndamva kuti mukupaka nokha, kawiri konse tsopano. Munthu wamkulu ngati inu kukwera pampando ndi bulashi chifukwa cha khitchini ya mng'ono wanu! Mawu ndilibe.

Wanu,
Shehata


Amman, 26 Febuluwale 1988

Make Afaf,

Moni. Dzanja lapola, ndabwerera pa ntchito, ngakhale Abu Samer nkhope yake sinapole.

Poyamba, chimwemwe kwa achimwene pa ukwati wa mwana wawo Ramzi. Ndadabwa kumva kuti zachitika kale, ine ndimayesa n'za chaka chamawa. Mulungu awapatse ana. Koma akukhala kuti? Nyumba ija ndimaidziwa chipinda ndi chipinda, malo a mkwatibwi sindikuwaona. Mwalemba kuti, "Mulungu anapereka malo." Chabwino.

Tsopano ndilankhule mosabisa, achimwene mundikhululukire. Mwati maso anu ali bwino, munalowetsa ulusi pa singano anthu akuona, kwa dokotala simunapite. Mwati wa denje uja wasandutsa khitchini manda. Mwatinso munapsa ndi mafuta padzanja chifukwa simunaone kuti poto ali m'mphepete. Ndiye maso ali bwino, mwaye munatsuka, mtengo kulibe, zenera ndi lalikulu ngati chitseko cha mzikiti, koma munthu akupsa dzuwa lili paliwombo chifukwa cha mdima. Ndimve ziti? Kodi mukundiseka? Kapena ndi njira yondiuzira kuti ndakhalitsa kuno? Ine ndikudya nyemba m'mawa, nyemba madzulo, kuti nyumba imeneyo ikhale nyumba. Ngati mwatopa nayo nyumba yanga nenani, osati kundizunguza ndi zitini.

Achimwene, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mawa dzuwa likangokwera, kaimeni pakati pa khitchini, muyang'ane pazenera, mundilembere chimene mukuona. Chimenecho basi.

Kapepala kachinayi ndaikamo chifukwa ndinali nditasakaniza kale. Ndi wa ndimu yosapsa. Sindikulonjeza kanthu. Padzanja lopsalo musapake mankhwala otsukira mano monga amachitira amayi, mukagule mafuta enieni ku sitolo ya mankhwala.

Shehata


Amman, 8 Epulo 1988
Kudzera kwa aphunzitsi Sanaa, ku Tahta

Alamu anga Sanaa, moni, ndipo zikomo. Kuyambira lero makalata a mkulu wanu azidzera kwa inu. Muziwerenga zonse, musadumphe mzere ngakhale utakhala wochititsa manyazi. Mundilolenso ndimutchule dzina.

Inshirah,

Kaseti yako yafika. Anabweretsa ndi bambo wina wa kutsidya kwa ngalande, itakulungidwa m'mpango pamodzi ndi buledi wouma. Ine kupusa, ndinaiika mu wailesi ya Usta Girgis anzanga onse ali pomwepo akumwa tiyi, ndimayesa ndi moni wa ana. Mawu ako atangomveka wina anati, "Eee, mayi wa penti uja!" Onse anaseka. Kenako unati, "Bambo a Afaf, ndili kwa Sanaa, chitseko ndatseka. Mumve bwino chifukwa sindibwereza. Zenera lanu kulibe." Usta Girgis anadzuka n'kuzimitsa, anatulutsa anthu onse ngati nkhuku, n'kundisiya ndekha.

Ndaimvera kasanu ndi kawiri. Ndibwereze zomwe ndamva, undiuze ngati ndalakwitsa, chifukwa mutu wanga sindikuukhulupiriranso. Chaka chatha mu Ogasiti achimwene anadula mtengo wa mabulosi n'kumanga nyumba ya Ramzi, yosanja, pakamalo kaja kuseri. Khoma lake latalikirana ndi zenera lako chikhatho chimodzi. Amayi anavomera, ati malo ndi a malemu bambo, sanagawidwe. Anakulumbiritsa pa Korani kuti usandiuze, ati munthu wa kuchilendo akamva zoipa amagwa pamakwerero. Ndinagwabe. Ndipo ukanandiuza bwanji, poti cholembera chinali m'manja mwa womangayo?

Pali pena pamene unandilasa. Unati, "Ndinalumbira kuti sinditchula khoma, sindinalumbire za mdima. Ndinati mwamuna wanga ndi wochenjera, ndikati kwada afunsa kuti chatseka n'chiyani, ndikati wobiriwira akumbukira munda umene ndinkauona. Koma inu, bambo a Afaf, timapepala! Nzimbe, nkhaka, denje, ndimu. Ndimati kenako mutumiza mchere tiphike."

Ndinaseka, kenako kuseka kunandithera. Inshirah, ndinafunsa! Kalata iliyonse ndinafunsa. Iwe ukuti funso limenelo sunalimvepo, achimwene ankawerenga moni, maso, malangizo a penti, n'kupinda pepala. Za mtengo anayankha okha. Koma mawu aja akuti ngati watopa ndi nyumba yanga unene, amenewo anakuwerengera osadumpha, ndipo ndi amene akuswetsa lumbiro. Mawu amenewo ndawameza. Undikhululukire. Masiku atatu osala olipira lumbiro lako ndisala nawe, tiyambe Lolemba Ramadani isanalowe.

Chimene sindikumvetsa ndi ichi. Munthu watseka zenera, yemweyo n'kumakwera basi kupita ku Tahta kukagula penti, n'kumapaka yekha kanayi konse, thukuta lili kamukamu. Ankaganiza chiyani? Kuti tsiku lina chitini china chidzatulutsa dzuwa? Ndinkamuthokozanso m'kalata, iye n'kumawerenga mokweza. Ndinafunsa Usta Girgis. Anati, "Khoswe wakhala pamkhate, mwana wanga. Ukaponya mwala uswa mkhate." Ndinati nanga nditani. Anati, "Ine ndimadziwa penti."

Ndinapempha Abu Samer kuti ndipite kwathu pa Idi. Wakana, akuti nyumba ya mayi uja sinathe. Ndibwerabe. Usauze munthu. Achimwene akafuna kugula chitini china, uti wakhutira ndi wa ndimuyo.

Mwamuna wako,
Shehata


Amman, 3 Juni 1988

Inshirah,

Moni kwa iwe ndi ana, moni kwa alamu Sanaa. Ndinafika bwino kuno ku Amman. Sitima ya pamadzi inachedwa ku Nuweiba tsiku lathunthu. Chitupa chinadutsa, wa pachipata anangochiyang'ana nthawi yaitali.

Masiku asanu ndi anayi aja tinalibe mpata wolankhula, pakhomo panali ngati pamaliro. Ndiye ndikuuze zomwe sunaone, ndi zomwe unaona koma sindinanene.

Nditalowa m'khitchini tsiku loyamba, iwe unaima pakhomo. Inali nthawi ya kadzutsa, koma dzanja langa lomwe sindinkaliona bwino. Ndinatsegula zenera, zala n'kugunda njerwa. Nditayatsa machesi ndinaona m'makona momwe bulashi sinafike bwino, mitundu yanga yonse inayi itasanjikizana. Ndinachita manyazi ngati ndagwidwa ndikuba.

M'mawa mwake ndinabwereka chinyundo kwa wosula zitsulo n'kuzungulira kuseri. Ndinali nditatsimikiza mtima. Achimwene ndinawapeza atakhala pa njerwa zotsala ngati amandidikira. Sanadzuke.

"Wabwera kudzagwetsa?" anatero.

"Ndabwera kudzatsegula zenera langa."

"Gwetsa. Koma uyambe wauza mkazi wa Ramzi atuluke. Ndi woyembekezera."

"Miyezi isanu ndi itatu, achimwene. Munkadumpha mawu anga pamaso pa mkazi wanga."

"Ndinkadumpha, sindikukana. Ndimati ndipeze kaye njira. Ndimati mwina penti athandiza, poti katswiri ndiwe." Kenako anakweza mawu. "Naglaa atatentha thupi mpaka kukomoka, anamunyamula ndani kupita ku Sohag? Njati yako amaidyetsa ndani? Amayi akagwa amawadzutsa ndani? Iwe umatumiza mapepala, ine ndimanyamula anthu. Ndiye mwana wanga akwatire azigona mumsewu?"

Pomwepo mkwatibwi anatuluka ndi thireyi ya tiyi, n'kuti, "Takulandirani, bambo aang'ono." Ndinamwa tiyiyo chinyundo chili pamwendo. Ukanandiona.

Ndi pamene ndinakwera padenga. Ndinayeza pamwamba pa khitchini, ndipo malo okhawo oti n'kuboola anali pomwe panali khola la nkhunda za amayi. Ndinalisuntha ndekha, nkhunda ziwiri zinathawa osabwerera. Kugogoda kwa chinyundo unakumva wekha, fumbi linagwera m'miphika yako. Amayi anakwera masitepe, iwo amene amati mawondo sawalola, n'kuti, "Zaka zinayi osakuona, wabwera kudzandiboolera denga pa Idi? Chifukwa cha mkazi wobala atsikana okhaokha?" Ndikudziwa kuti mawuwo anakufika kudzera pabowo lomwelo. Ine ndinangopitiriza kumenya. Sindikudziwa ngati kumeneko kunali kukuimira kapena mantha. Ndikanayenera kunena kanthu.

Tsiku lachitatu simenti itagonja, dzuwa n'kugwera pansi pa khitchini, iwe unayang'ana khoma n'kuti, "Mayo ine, kani pentiyu ndi wonyansa chonchi?" Kuseka kwako kuja ndi chinthu chokhacho chabwino chimene ndabwera nacho kuno. Potsanzika amayi anabisa dzanja m'nsalu. Achimwene anali atapita kumunda.

Zitsulo za pabowo ndinazisiya dala kuti mwana asagweremo, munthu asazidule. Galasi abweretsa mmisiri wina wa ku Tahta, usamulipire asanaliike. Kukachita mphepo ya fumbi uziphimba ndi mphasa.

Kwa Abu Samer kuli munthu wina pamalo panga. Masiku ano ndimalawirira kukaima pamphambano pomwe amaima anthu ndi mabulashi awo kudikira galimoto. Ena amatengedwa. Usta Girgis akuti akundilankhulira kwa mnzake wina.

Mwamuna wako,
Shehata


Zarqa, 5 Ogasiti 1988

Inshirah wanga,

Moni kwa iwe, kwa Afaf ndi Naglaa, kwa alamu Sanaa. Ine ndili bwino. Ndasamuka, adiresi yatsopano ili kuseri kwa envelopu. Mnzake wa Usta Girgis wanditenga pa ntchito ya miyezi iwiri pa sukulu ina kuno, makoma oyera okhaokha, mutu ukupumako. Zomwe ndatumiza zachepa kuposa kale, uyambe ndi zovala za sukulu za ana. Ikatha miyezi iwiriyo tidzaona.

Kalata yako ndi masamba anayi. Sindinkadziwa kuti uli ndi mawu ochuluka chonchi. Zaka zonsezi ndinkayesa ndinakwatira mkazi wa mizere isanu.

Wafunsa kuti tsopano poti kukuwala, upake wobiriwira uti. Ndakhala nalo funsoli sabata yathunthu, yankho ndilibe. Kuwala kochokera kumwamba sindikudziwa mmene kumagwera pakhoma limenelo m'mawa, masana ndi madzulo. Amene akukuona ndiwe. Upite ndi Sanaa ku Tahta, ukapemphe timapepala tambiri, utiimike pakhoma masiku angapo, usankhe wekha. Ukakonda wina woti si wobiriwira n'komwe, palibe mlandu. Koma wopakayo ayambe wapala zonse zinayi mpaka pa pulasitala, apo ayi zidzasupuka chaka chisanathe. Munda uja sudzauonanso uli posenda anyezi. Pamenepo ndalephera, sindikunamiza.

Za achimwene, ukuti m'khitchini mwako salowa, akakumana nawe amayang'ana pansi, koma pa Idi yaikulu anatumiza mwendo wathunthu wa nkhosa ndi mkazi wa Ramzi. Ndayamba kuwalembera kanayi. Ndikalemba kuti munandilakwira, ndimaona Naglaa ali paphewa pawo. Ndikalemba kuti zikomo, ndimaona dzanja lako lopsa. Makalata onse anayi ndang'amba. Kodi munthu mmodzi angakhale wokulakwira ndi wokusunga nthawi imodzi? Mwina pobadwa mwana wa Ramzi ndidzakhala nditapeza mawu. Nyamayo munachita bwino kulandira.

Tsopano za amayi. Alamu Sanaa, pano muwerenge pang'onopang'ono. Ukuti miyezi iwiri sanakulankhule. Ukuti Lachitatu lina masana analowa m'khitchini osaodira, atanyamula lichero la mphodza, n'kukhala pansi pomwe pamagwera dzuwa, n'kuyamba kusankha. Atamaliza anati, "Mphodza za masiku ano ndi miyala yokhayokha," n'kutuluka. Ndipo kuyambira tsikulo akubwera masana alionse, mwina ndi mpunga, mwina ndi zosoka. Wandifunsa kuti utani, uwalankhule, uwasiye, kapena uwakumbutse zimene ananena padenga.

Sindikudziwa, Inshirah. Wotukwanidwa ndiwe, khitchini ndi yako, sindikulamula. Ukasankha kuwakumbutsa, ndili kumbali yako, ndipo ulendo uno ndidzanena ndi pakamwa. Koma ngati mtima ukulola, pansi pa simenti m'powawa kwa mawondo awo. Pali kampando kafupi kaja ka m'chipinda chathu. Ukaike pamenepo m'mawa iwo asanabwere, ngati kanangoiwalika. Usanene kuti ndanena ndine.

Mwamuna wako,
Shehata